Amene Anatseka Dziwe la Chinangwa

Pakati pa Kande ndi Tukombo pali kamtsinje kamene kamatsika kumapiri n'kukathira m'nyanja. M'chilimwe mwana amatha kukalumpha osanyowa chidendene. Ndinakulira m'mbali mwa kamtsinje kameneko m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'mudzi mwathu muli mawu oselewulana amene alipo mpaka lero. Munthu akawononga chinthu poyesa kuchikonza, anzake amamuuza kuti, “Wachita za NyaTembo.” Ana a masiku ano amangonena mawuwa osadziwa kuti NyaTembo anali ndani. Ine ndikudziwa. Anali alamu anga, akazi a achimwene anga a Yotamu, ndipo chimene amawanenera sanachichite iwo.

Kwathu chakudya ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Chinangwa chathu n'chowawa, sungachidye chongokumba kumene. Umachisenda n'kuchiviika m'madzi masiku atatu kapena anayi kuti ululu utuluke, kenako umachiyanika pathanthwe n'kusinja. Amayi anga, amene tinkawatchula kuti Ama, ndi amayi ena anali ndi dziwe lawo pakamtsinje kaja. Anasanja miyala mopingasa, yofika m'maondo, kuti madzi aziima. Koma chakumbali, pansi pa mtengo wa mkuyu, ankasiya mpata wa zikhatho ziwiri pomwe madzi ankatulukira osalekeza. Pamalopo pankanunkha fungo lowawasa lomata m'zovala, moti mlendo ankadutsa atagwira mphuno pamene ife tinkangomva njala. Mpata uja ndinkauona tsiku ndi tsiku, koma sindinafunsepo ntchito yake.

Alamu anga anachokera kumapiri, cha ku Mzimba, kwa anthu odya chimanga. Achimwene anawakwatira ali patchuthi, ndipo patangotha miyezi itatu anabwerera kuntchito ku Halale, kunja kwa dziko lino, n'kuwasiya m'manja mwa Ama. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, Chitonga chawo chosakanikirana ndi Chitumbuka. Tsiku loyamba kuphika kondowole, mthiko unakanirira mumphika moti tinachita kuthandizana kuuzula, ndipo ana tinaseka mpaka kugubuduka. Iwonso anaseka nafe, misozi ili m'maso. Ama anali ndi lilime lakuthwa ndipo ankawayesa pa chilichonse. Aliyense ankadziwa kuti achimwene adzawaitanitsa ku Halale pokhapokha Ama atanena kuti mkaziyu ndi wapakhomo. Ine alamuwo ankandikonda. Ankandichapira diresi ya sukulu ndisanawapemphe, n'kumandifunsa kuti dzina lawo limalembedwa bwanji.

Nthawi imeneyo ndinali mu Sitandade 6 pasukulu ya mishoni, kalasi imene ochepa okha ankadutsa n'kupita ku sekondale. Atsikana tinalimo atatu, pabenchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, ngati anatiikapo dala kuti tsiku losiya sukulu tisadzavutike potuluka. Ndinali wanzeru, sindikana, koma nzeru zanga zinkayendera limodzi ndi pakamwa. Abale a Ada, bambo anga, ankawanong'oneza kuti mtsikana wophunzira amaiwala mtondo, ndipo tsiku lina Ada anandiuza akusoka ukonde, osandiyang'ana n'komwe: “Jesi, tsiku limene sukulu yakoyo idzabweretse vuto pakhomo pano, mabuku udzawasiya pomwepo.” Ada sankabwereza mawu.

Aphunzitsi athu anali a Mbewe, ochokera kuchigawo chapakati, olankhula Chinyanja chosalala chimene ife tinkachitsanzira kuseri. Asanayambe kuphunzitsa anagwirapo ntchito yonyamula tcheni choyezera kwa anthu omanga misewu, ndipo mtima wawo unatsalira komweko. Ankati dziko lino lidzafuna mainjiniya akeake, omanga milatho ndi okonza injini, ndipo adzachokera m'mabenchi athu omwewo. Ife mawu akuti injiniya sitinkawadziwa bwino. Choncho Lachisanu lililonse, phunziro lomaliza, ankatseka buku, kukhala pangodya ya tebulo, n'kutisimbira nkhani ya munthu wina wopeka dzina lake Sikelo, wamutu waukulu ndi pensulo kukhutu. Sabata ina Sikelo ali m'mimba mwa sitima yapamadzi, injini yazima pakati pa mphepo ya mwera. Sabata ina akumanga mlatho pamtsinje wa ng'ona. Tinkamvetsera kukamwa kuli yasa, ngakhale anyamata akuluakulu ometa ndevu. Koma a Mbewe anali ndi nkhanza imodzi. Nkhani ikafika pokoma, Sikelo ali pakati pa mavuto, ankaima n'kutola chipewa chawo. “Anyamata, mainjiniya a mawa, Lolemba mudzandiuze chimene Sikelo anachita.” Anyamata basi. Mawu amenewo ankandiwawa sabata iliyonse, chifukwa pa masamu anyamatawo ndinkawasiya kutali.

Lachisanu limene ndikunenali, anthu a mudzi wina wouma anapempha Sikelo kuti awasungire madzi. Iye anamanga damu, khoma lopingasa pamtsinje, la miyala ndi simenti. Madzi anadzaza, ng'ombe zinamwa, anthu anavina. Kenako kumapiri kunada mtambo. “Pali chinthu chimodzi chimene Sikelo anayenera kuchita pakhoma lake mvula isanagwe,” anatero a Mbewe. “N'chiyani?” Basi, chipewa kumutu. Panjira anyamata ankatsutsana. Wina ankati awonjezere simenti, wina ankati asamutse mudzi, ndipo mwana wa mkulu wa mpingo anati Sikelo akanangogwada n'kupemphera. Ine yankho ndinali nalo kale mumtima: akweze khoma, atseke paliponse pamene madzi angathawire. Ndipo mosiyana ndi anyamata aja, ine ndinali ndi mtsinje woti ndiyeserepo.

Sabata imeneyo dziwe linali lodzaza kuposa masiku onse. Bwato latsopano la Ada linali litasemedwa kumapiri, ndipo kumapeto kwa sabata yotsatira amuna a midzi iwiri ankayenera kulikoka ndi zingwe mpaka kunyanja. Okoka bwato sapatsidwa kanthu m'manja, amangodyetsedwa, koma kudya kwake si kwamasewera. Ama anakumba munda wonse wakumtunda n'kuviika. Kunali kumapeto kwa chilimwe, madzi anali ochepa, ndipo chinangwa china chinkasuzumira pamwamba. Ama anapereka dziwe lonselo kwa alamu kuti aliyang'anire, ndipo aka kanali koyamba kuwapatsa ntchito yaikulu chotero. Ndinawamva akuwauza kuti, “Muzitembenuza m'mawa ndi madzulo. Miyala musaikhudze.”

Loweruka m'mawa, Ama atapita kumunda, ndinatenga khasu ndi dengu. Ndinavala diresi ya sukulu, chifukwa ndinkaona kuti injiniya sangagwire ntchito atamanga nsalu m'khosi. Ndinagumula dothi lofiira pachulu, kuliponda ndi mapazi mpaka litamata, n'kulisenza maulendo ambirimbiri. Mpata uja ndinautseka ndi mwala waukulu, ndi kumata m'mbali monse ngati ndikuzira nyumba. Kenako ndinakweza khoma lonse ndi miyala ina, dothi pakati, mpaka linandifika m'chiuno. Phokoso la madzi otuluka, limene ndinakula ndikulimva, linangoti zii. Pang'onopang'ono madzi anakwera, chinangwa chonse chinamira, tinsomba tinayamba kusewera pamwamba pake. Ndinaima pamenepo manja ali m'chiuno, thukuta lili kamukamu, ndikudziona ndekha ndi pensulo kukhutu.

Alamu anandipeza ndili chomwecho. Anayang'ana khoma, anayang'ana pamene panali mpata, nkhope yawo n'kusintha.

“Mulamu, amama anati miyala tisaikhudze.”

“Ama sadziwa za madamu,” ndinatero. “Izi taphunzira kusukulu. Simukuona kuti chinangwa chonse chamira?”

“Nanga mpata uja anausiyiranji?”

Funso limeneli linali lanzeru kuposa zonse zimene ndinachita m'mawa umenewo, koma ine ndinapsa mtima. “Kodi inu sukulu munalekezera pati?” Mawu amenewa ndimawamvabe m'makutu mwanga. Alamu anawerama n'kuyamba kutembenuza chinangwa. Titafika kunyumba anandiuza kuti ndivule diresi, yafiira ndi dothi, ndipo anakaichapa kunyanja Ama asanabwere. Pofika madzulo inali itauma, yoyera ngati sinakhudzepo chulu.

Lamulungu tonse tinali kutchalitchi. Kunyanja kunali dzuwa, koma pawindo ndinkaona mapiri atada bii, mphezi zikung'anima. Sindinade nkhawa ngakhale pang'ono. Ndinkaimba nyimbo mokweza, ndikuganiza za mmene ndidzaimirire Lolemba. Tikutuluka, tinamva ana akukuwa kumchenga. Madzi a kumapiri anali atatsika. Zaka zonse ankafika padziwe, kudutsa pampata ndi pamwamba pa miyala yaifupi ija, chinangwa n'kutsala pansi chili phee. Tsiku limenelo anapeza khoma langa. Anaunjikana kuseri kwake mpaka linagonja, ndipo linagumuka kamodzi n'kamodzi, kukokolola miyala ya Ama, chinangwa, ndi madengu awiri amene anali m'mbali. Tinathamangira kunyanja ndi zovala za kutchalitchi. Madzi anali ofiira, chinangwa choyera chikugubuduzika m'mafunde, china chitafewa kale n'kumasungunuka m'manja mwa ana amene ankachitola. Zimene tinapulumutsa sizinadzaze lichero.

Ama anakwera kukaona padziwe, amayi ena ali pambuyo. Pansi pa mkuyu, mwala wanga waukulu unali udakalipo, dothi lofiira litamatirira m'mbali. Palibe amene anafunsa kawiri. Mkazi wa kunyanja sangatseke dziwe la chinangwa, monga mmene sangaphikire ndi madzi a m'bwato. Mayi wina ananena mokweza kuti, “Izi ndi za anthu a chimanga.” Maso onse anatembenukira kwa alamu.

“Mwatseka ndinu?” anafunsa Ama.

Ndinali nditaima kumbuyo kwa Ama, pafupi moti ndikanatha kuwakoka nsalu. Ada anali chapatali, manja kumbuyo. Ndinawayang'ana iwo, ndinakumbukira mawu aja anandiuza akusoka ukonde, ndipo pakamwa panga pamene sipankatsekeka panauma gwa. Alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, osati mwaukali, kenako anayang'ana kwa Ada, n'kugwada m'matope.

“Phepani, amama. Ndine.”

Zimene Ama ananena pamenepo sindingazilembe. Masiku otsatira anayenda khomo ndi khomo kupempha ufa, mayi amene sanapemphepo ngakhale mchere. Bwato linakokedwa mochedwa, ndipo okoka anadya mosakhuta, n'kupeka nyimbo yokokera yotchula dziwe lathu.

Koma choyamba kunabwera Lolemba. Ndinapita kusukulu. A Mbewe anamvetsera mayankho a anyamata, akupukusa mutu pa lililonse. Kenako anati amva zimene zachitika kumudzi kwathu, ndipo anyamata anaseka, wina n'kunena za mkazi wa kumapiri. A Mbewe anawaletsa. Anayenda mpaka kumbuyo, kumene sankafikako, n'kuima pabenchi yathu. “Jesi, iwe umapita kudziwe. Amayi amasiyiranji mpata?” Ndinaimirira. Yankho ndinali nditaliona ndi maso anga, ndipo linangotuluka lokha. Ndinati madzi amafuna njira. Ukawasiyira pang'ono amadutsa n'kutenga ululu wa chinangwa, ndipo mvula ikagwa amadutsa osagwetsa kanthu. Ukawatsekera konse amadzitsegulira okha, ndipo amatenga zonse.

A Mbewe anamenya tebulo ndi chikhatho. Anati chimenecho ndicho Sikelo anachita: anasema njira m'mbali mwa khoma kuti madzi osefukira azidutsa, ndipo damu lililonse lalikulu padziko lili ndi njira yotero. Anati amayi athu akhala akumanga madamu abwino kuyambira kale, opanda pensulo. Kenako anatembenukira kwa anyamata. “Injiniya wathu woyamba m'kalasi muno ndi mtsikana. Muwombereni m'manja.” Anawomba. Chinthu chimene ndinachilakalaka chaka chonse chinabwera, ndipo ndinangofuna pansi patang'ambika ndilowe. Kuyambira tsiku limenelo a Mbewe ankati “anyamata ndi atsikana,” ndipo Loweruka lotsatira anabwera panjinga yawo kudzauza Ada kuti mwana uyu asasiye sukulu, alembe mayeso a ku sekondale. Amene anawayalira mphasa ndi kuwapatsa madzi akumwa anali alamu.

Choipitsitsa sindinachinenebe. Pakhomo pathu wolemba makalata ndinali ine. Ama anandikhazika pakhonde ndi pepala, n'kundiuza zoti ndilembere achimwene ku Halale: kuti mkazi amene anatisiyira samva kamodzi, kuti watichititsa manyazi pamaso pa midzi iwiri, kuti kunyanja sangakuzolowere. Alamu anali kuseri kwa nyumba akusinja, ndipo ndinkamva munsi ukugunda. Ndikanatha kulemba zina, Ama sankadziwa kuwerenga. Ndikanatha kuwonjezera mzere umodzi pansi. Koma ndinaopa kuti achimwene poyankha adzandiulula. Ndinalemba mawu onse mmene anandiuzira, ndi zilembo zokongola zimene a Mbewe ankaziyamikira.

Achimwene sanawaitanitse. Makalata awo anayamba kubwera opanda moni wa alamu, ndipo powerenga ndinkawonjezera ndekha kuti, “Mupereke moni kwa NyaTembo.” Alamu ankamwetulira pang'ono, ndipo ndikhulupirira ankadziwa kuti moniwo ndi wanga. Kudziwe sankaloledwanso kupitako okha. Amayi pamtondo ankati mwana akataya ufa, “Wachita za NyaTembo,” iwo ali pomwepo. Patapita miyezi ingapo, abale awo anabwera kudzawatenga. Sindinganene kuti ukwati unatha chifukwa cha dziwe lokha, poti tinamva pambuyo pake kuti achimwene anali ndi wina kumeneko. Koma kalata yanga ndi imene inatsegulira achimwenewo khomo.

Alamu ndinawaperekeza mpaka kumsewu, nditawasenzera mtolo. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndipo titafika ndinangoyamba kulira. Iwo anandilanda mtolo n'kundipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo.

“Leka, mulamu. Mayeso ndi liti?”

Ndinawauza mwezi wake.

“Ukhoze,” anatero. Anasenza mtolo n'kutsatira abale awo, ndipo sindinawaonenso.

Ndinakhoza, ndipo ndinapita ku sekondale. Injiniya sindinakhale, nthawi imeneyo njira yotero kwa mtsikana kunalibe. Ndinakhala mphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri nanenso Lachisanu ndinkatseka buku n'kusimba za Sikelo, kuima pokoma ngati a Mbewe. Ena mwa ana anga anakamangadi misewu. Nkhani ya dziwe ndinkaisimbanso, koma nthawi zonse ndinkayamba ndi mawu akuti “munthu wina.” Ama ndi Ada anamwalira osadziwa. Nditalimba mtima n'kufunsira za alamu, ndili kale ndi ana anga, ndinauzidwa kuti anakwatiwanso, anabereka ana anayi, ndipo anatisiya kale.

Masiku ano zinthu zasintha. Pakamtsinje kaja pali kamlatho ka simenti, ndipo amayi ambiri amaviika chinangwa m'migolo pakhomo. Mdzukulu wanga Tiwonge ali ku sekondale, ndipo akuti kusukulu kwawo kumabwera mainjiniya enieni, ena mwa iwo amayi ovala zipewa zolimba, kudzawasimbira nkhani za ntchito yawo. Atsikana amakhala kutsogolo n'kumafunsa mafunso. Patchuthi chapitachi Tiwonge anamasula wailesi yanga kuti aikonze, ndipo pobwezeretsa inakana kulankhula. Anabwera pakhonde akuseka, tizitsulo tili m'manja.

“Agogo, ndachita za NyaTembo.”

Ndinamuuza kuti akhale pansi. Anzake atatu anali pabwalo, ndipo ndinawaitananso. Ndinawasimbira zonse, kuyambira pachulu mpaka pakalata, osanena kuti munthu wina. Sanaseke. Tiwonge anafunsa kuti nanga azinena bwanji tsopano.

“Uzinena kuti wachita za Jesi,” ndinamuuza. “Ukauzenso anzako kumudzi. NyaTembo anangochapa diresi.”